Zaka ziwiri za omeprazole, koma palibe anawagwira pamimba

Kabuku ka kuchipatala ka azakhali anga ndinakajambula tsamba ndi tsamba, ndipo kali mu foni mwangamu. Ulesi wowerenga ukandigwira ndimakatsegula, ulesiwo n'kuthawa. Muli maulendo 7 m'zaka ziwiri, zolemba za manja anayi osiyana. Paliponse mawu ndi amodzimodzi: PUD, kutanthauza zilonda zam'mimba. Pansi pake omeprazole, ulendo wina magnesium, ulendo wina panado wowonjezera. Chomwe mulibe m'kabukuka ndi mzere ngakhale umodzi wonena zomwe woyeza anapeza atagwira pamimba pawo. Mulibe chifukwa palibe anagwira.

Ndinawafunsa kuti nditsimikize. Anaseka.

"Kugwira? Mwanawe, amangofunsa kuti chavuta n'chiyani mayi, ukamati uyankhe cholembera chayamba kale kuyenda. Ukamamaliza, akuitana wina."

Sinditchula chipatala chake, ndipo musandifunse mu inbox. Nditatchula, mukanena kuti vuto ndi la pamenepo, pomwe vutoli ndaliona m'malo ambiri, ndipo ndaligwira likumera mwa ine mwini.

Azakhali amakhala kuseri kwa phiri la Mulanje, mbali ya Phalombe, komwe alendo okwera Sapitwa kudzera ku Likhubula safikako. Kwathu phirili timaliona kumsana. Ali ndi zaka 46, ana asanu, munda wa nandolo ndi chimanga, ndi geni ya mandasi pa msika. Thupi ali nalo, ndipo amalinyadira; kwathu kunenepa ndi umboni woti pakhomo pali mtendere. Ululu wawo unkabwera mwa apo ndi apo, kawirikawiri usiku, makamaka tsiku loti adya bwino. Iwo anali atazindikira okha kuti nyama ya nkhumba ndi chipisi "siziwayanja". Anauzapo wina kuchipatala. Anawayankha kuti eya, zilonda zimadana ndi mafuta.

Tsiku lotsatira Khrisimasi, cha m'ma 11 koloko usiku, msuweni wanga anabwera kudzagogoda. Tinali titadya mpunga ndi nkhumba masana ndi madzulo omwe. Ndinawapeza azakhali atakhala pa mphasa, atapinda thupi, dzanja lili pansi pa bere lamanja, atasanza kawiri. Kusukulu amatiletsa kuchiza abale, ndipo n'zoona. Koma usiku umenewo panalibe galimoto, ndipo chomwe ndinali nacho chinali tochi ya pafoni ndi manja awiri.

Ndikufotokozerani zomwe ndinachita mwatsatanetsatane, osati kuti mundiwombere m'manja, koma kuti muone kuchepa kwake.

Ndinayamba ndi kufunsa. Ululu wayamba nthawi yanji? Ukubwera n'kumapita, kapena wangokhazikika? Anati unayamba pang'onopang'ono atangogona, n'kukwera, n'kukhala pamwamba pomwepo osatsika. Ukupita kwina? Anatembenuza dzanja n'kuloza kumsana, pansi pa phewa lamanja. Apa mtima wanga unagunda, chifukwa zilonda zam'mimba sizikonda kulozera kumeneko. Ndinafunsa za mkodzo, ngati wasanduka ngati tiyi wopanda mkaka. Za chimbudzi, ngati chatuwa. Za kuyabwa thupi. Anakana zonse. Ndinafunsanso za kumwezi, ngakhale kuti n'zovuta kwa mwana wa mchimwene wawo kufunsa zotero, chifukwa mayi woyembekezera akamva ululu pamalo amenewa nkhani yake imakhala ina, yoopsa msanga, yokhudza kuthamanga kwa magazi.

Kenako ndinapempha msuweni wanga, yemwe ndi mwana wawo wamkazi, kuti akhale pomwepo ndi kuwakonzera chitenje kuti pawonekere pamimba pokha.

"Azakhali, mugone chagada, mupindeko mawondo pang'ono. Manja muike m'mbali."

"Ee, adokotala athu," anatero, uku akubuula. Ngakhale ululu sunawalande chipongwe.

Ndinatsitsa chikope kuona ngati magazi ndi okwanira, ndinayang'ana poyera pa diso kufuna chikasu, podziwa kuti tochi imanama ndipo ndidzayenera kuonanso kukacha. Thupi linali lofunda. Ndinawerenga kugunda kwa mtima pa mkono: 104 pa mphindi. Ndinatikita manja anga kuti afunde, n'kuyamba kugwira kutali ndi pomwe pankapweteka, m'munsi kumanzere, maso anga ali pankhope pawo osati pamimba. Pamenepo panali pofewa. Pakati, pansi pa chifuwa, anati pakumveka pang'ono. Ndiye ndinaika zala pansi pa nthiti zakumanja, pomwe mzere wotsika kuchokera pakati pa fupa la m'khosi lija umakumana ndi nthiti yomaliza, n'kukanikiza pang'ono.

"Tulutsani mpweya wonse. Tsopano kokani wambiri, pang'onopang'ono."

Anayamba kukoka. Pakatikati mpweya unaduka ngati wina watseka chitseko, nkhope inakwinyika, dzanja lawo n'kugwira langa. Ndinachita zomwezo kumanzere. Anakoka mpweya mpaka kumapeto, osamva kanthu.

Chimenechi ndiye chizindikiro cha Murphy. Palibe matsenga. Pansi pa chiwindi pali kathumba kosungira ndulu, kamene aliyense wosadzulapo nkhuku amakadziwa, kaja timachotsa mosamala kuopa kuwawitsa ndiwo. Chiwindi chimapanga ndulu pafupifupi theka la lita kapena kuposerapo patsiku, kathumbako kamasunga pang'ono chabe, n'kukafinyira m'matumbo munthu akadya zamafuta. Mukakhala miyala, ndipo mwala wina n'kutseka pakamwa pa kathumbako pamene kakufinya, ululu wake ndi umene azakhali ankaumva pa masiku a chikondwerero. Mwalawo ukakana kuchoka, kathumba kamatupa. Munthu akakoka mpweya, mnofu wolekanitsa chifuwa ndi mimba umakankhira chiwindi pansi, kathumba kotupako n'kudzagunda zala za woyeza. Thupi limaimitsa lokha mpweya.

Kuchokera pomwe anagona mpaka pomwe anadzuka sipanathe mphindi zitatu. Ndazibwereza kangapo kuwodi ndi wotchi, ndipo sizipitirira apo. Azakhali anadikira mphindi zitatu zimenezi kwa zaka ziwiri.

John Benjamin Murphy, dokotala wa maopaleshoni wa ku Chicago, analemba za kayezedwe kameneka mu 1903. Nthawi imeneyo kunalibe sikani. Carl Langenbuch anali atachotsa kale kathumba ka ndulu mwa munthu wamoyo ku Berlin mu 1882, ndipo omwe anatsatira mapazi ake ankasankha wodwala woti amung'ambe podalira zomwe wanena ndi zomwe zala zapeza. Jean-Martin Charcot ku Paris, mu 1877, anafotokoza zinthu zitatu zomwe zikakumana, ululu pansi pa nthiti zakumanja, kutentha thupi ndi chikasu, ndiye kuti njira ya ndulu yatsekeka ndipo mwalowa tizilombo. Ludwig Courvoisier wa ku Basel, mu 1890, anaona kuti munthu wa chikasu amene kathumba kake kakukhudzika kotupa koma osapweteka, kawirikawiri vuto lake si miyala, ndipo tiziopa khansa. Taonani mndandandawu. Zonsezi zinapezedwa ndi anthu omwe analibe magetsi odalirika, analibe makina, anali ndi maso, makutu ndi manja. Kunena mosabisa, ankagwira ntchito m'malo ofanana kwambiri ndi chipatala chaching'ono cha kumudzi kwathu kuposa chipatala cha ku Chicago cha lero. Nzeru zimenezi zinakhala ngati anatisokera ife. Ndipo ndife amene tazitaya msanga kuposa eni masikani.

Ndikudziwa zomwe anzanga ena akunena pofika pano, chifukwa tinakangana kale ku hostel.

Choyamba amati mzere. Medical assistant mmodzi, anthu odzaza khonde mpaka pansi pa mtengo, wina ali ndi mwana wokomoka, wina akudikira ma ARV, ndipo munthu yemweyo anadzutsidwa usiku kukathandiza kuchipinda cha amayi. Izi ndaziona, ndipo amene sanakhalepo pa mpando umenewo asamatukwane anthu amenewa. Dziko lino lanyamulidwa ndi ma clinical officer, ma medical assistant ndi anamwino, osati ndi ife amene timalota za ku Lilongwe ndi ku UK tisanamalize n'komwe. Koma tiyeni tiwerenge bwino. Azakhali anapita maulendo 7. Ulendo uliwonse anatenga malo pamzere, anatenga mphindi za woyeza, anatenga mankhwala m'famase yomwe nthawi zambiri imakhala yopanda kanthu. Amene anapulumutsa mphindi zitatu pa ulendo woyamba anawonjezera maulendo 6 pa mzere womwe akudandaula nawowo. Sindikunena kuti aliyense wa chimfine agonekedwe pabedi. Ndikunena kuti munthu akabwera kachitatu ndi vuto lomwelo, mankhwala omwewo atalephera kawiri, kulemba PUD kachitatu si kutanganidwa ayi. Ndi kukopera homuweki ya mnzako.

Chachiwiri amati chizindikiro cha Murphy n'chachikale, chimaphonya, sikani ndiye yonena zoona. Apa akunena zoona theka. Chimaphonyadi, makamaka mwa okalamba, omwe kathumba kangathe kuwola iwo osadandaula kwambiri. Munthu wa miyala amene wabwera masana ululu utatha, pamimba pake pamakhala pofewa ngati pa wina aliyense, ndipo chomwe chingamugwire ndi mafunso okha. Chibayo cha m'munsi mwa phapo lamanja, chithupsa cha m'chiwindi, kutupa kwa chiwindi, zonsezi zingapweteke pamalo omwewo. Palibe dokotala wanzeru angachotse ndulu ya munthu chifukwa cha zala zokha. Koma funsani funso ili: ndani amapita ku sikani? Makinawo sayenda m'midzi kufunafuna odwala. Amadikira kalata. Ndipo kalatayo amalemba ndi munthu amene waganizira za ndulu. Ngati sunagwire, sunafunse za phewa, sunayang'ane m'maso, sikani ya ku boma ikhoza kukhala yatsopano, yowala, koma kwa mayi wa kuseri kwa phiri ili ngati kulibe. Kumene makina ali kutali ndiye kumene manja ayenera kukhala akuthwa, chifukwa ndi manja amene amasankha woti agulitse nandolo wake kuti apeze thiransipoti.

Phalombe anakhala zaka zambiri wopanda chipatala chachikulu cha boma, odwala akayakaya akudalira Holy Family, chipatala cha mishoni. Tsopano chachikulu chilipo ku Migowi, ndipo tonse tinasangalala. Koma nyumba yatsopano siifupikitsa msewu. Amene anali kuno mu March 2023, Freddy atagwetsa miyala ndi matope kuchokera m'phiri, akukumbuka kuti madera ngati Nkhulambe anakhala masiku osafikirika. Akuluakulu amakumbukanso napolo wa 1991. Kuno kutumiza wodwala ndi chiganizo cholemera, ndipo nyengo ya mvula chimalemera kawiri. Munthu amene ali ndi zitatu za Charcot zija alibe sabata yodikira. Tizilombo tikalowa m'magazi amasokonezeka mutu, BP n'kugwa. Kumusiyanitsa ndi munthu wa zilonda sikufuna labu. Kumafuna kumutulutsa panja pa dzuwa n'kumuyang'ana m'maso.

Chachitatu, ndipo ichi amachinena motsitsa mawu, amati chikhalidwe. Mnyamata wa zaka 24 angauze bwanji mayi wa msinkhu wa amayi ake kuti amasule chitenje? Ine ndinayeza azakhali anga enieni, alongo awo a bambo anga, ndipo dziko silinathe. Ndinapempha, ndinafotokoza chomwe ndikufuna, ndinaitana mwana wawo wamkazi, ndinavundukula pofunika pokha. Amayi omwewa amagona pabedi ku sikelo mwezi ndi mwezi kuti anamwino ayeze mimba. Asing'anga amawagwira, amawatema mphini pomwe pakupweteka. Azakhali ali nazo zitatu pansi pa nthiti zakumanja, ndendende pomwe ndinaika zala. Izi zinandipweteka kuposa kabuku kaja. Sing'anga sanadziwe chomwe chili mkatimo, koma anafunsa kuti pakupweteka ndi pati, n'kugwirapo. Ndiye tikamadabwa kuti bwanji anthu amayamba kwa asing'anga, tiziyambira pamenepo.

Tsopano ndibwere kwa ife ophunzira, chifukwa nkhaniyi ndi yathu kuposa ya wina aliyense.

Timaphunzira kuyeza mimba chifukwa cha OSCE. Timaloweza ndondomeko ngati ndakatulo ya ku pulayimale: sambani m'manja, dzitchuleni dzina, pemphani chilolezo, imani kumapazi kwa bedi. Timayeserera pa anzathu athanzi, amene chiwindi chawo sichinatupepo. Tikakhoza, timazipinda n'kuziika m'sutikesi limodzi ndi gauni. Kuwodi timathamangira faelo tisanaone munthu, ndipo tikapeza kuti wina analemba kale dzina la matenda, maganizo athu amagona. Ine ndinalembapo "abdomen soft, non-tender" nditangokhudza pamwamba pa bulangeti. Ndikudziwa kuti si ine ndekha, chifukwa mawu amenewa amapezeka m'mafaelo ambiri mofanana ngati chidindo. Tsiku lina bodza laling'ono limeneli lidzakhala pa faelo ya munthu amene matumbo ake aboola.

Palinso china chimene tinamwa m'mabuku osachisefa. Pali kaloweza kachingerezi ka ma F asanu konena za munthu wa miyala ya mu ndulu: wamkazi, wonenepa, wa zaka za m'ma 40, wobereka, ndi wa khungu loyera. Azakhali ali ndi zinayi mwa zisanu. Koma F womalizayo, pamodzi ndi chiphunzitso chakale choti matendawa ndi a azungu, wakhala m'mitu mwathu ngati mlonda woletsa ganizo kulowa. Chiphunzitsocho chinali ndi maziko ake. Denis Burkitt, amene anagwira ntchito ku Uganda, ndi mnzake Hugh Trowell, m'buku lawo la 1981 lonena za matenda a maiko a azungu, anaika miyala ya mu ndulu m'gulu la matenda omwe anali osowa m'midzi ya mu Africa. Koma mfundo yawo yeniyeni inali yoti matendawa amatsata kadyedwe, ndipo kadyedwe kakasintha amafika. Pitani pa Migowi kapena pa Chiringa tsiku la msika muwerenge ziwaya za chipisi. Onani mafuta ophikira oyezedwa m'timapepala, shuga mu tiyi, mandasi, zibwente, ufa woyera m'malo mwa mgaiwa. Agogo athu sankadya chonchi. Onjezani odwala sickle cell, omwe magazi awo amasweka msanga n'kupanga miyala yakuda akadali ana. Tikupitiriza kunena kuti matendawa ndi osowa, koma tikudziwa bwanji, ngati aliyense wa ululu wa pamwamba pa mchombo timamulemba zilonda n'kumubweza?

Sindikufuna kuti mutembenuke n'kuyamba kuona ndulu paliponse. Anthu ambiri okhala ndi miyala, pafupifupi 8 mwa 10, samva kanthu moyo wawo wonse, ndipo safunika mpeni. Izi nazonso tiziwauza anzathu a m'makiliniki a m'tauni amene amathamangitsira aliyense ku sikani yolipira asanamugwire n'komwe, n'kumuopseza ndi kamwala komwe sikanamulakwire. Uko ndi kulephera komweko, kungoti kwavala tayi. Zilonda zam'mimba nazo zilipodi, zambiri, makamaka kwa anthu omwe amameza bufeni ndi indosidi wa pa golosale ngati mtedza. Chomwe ndikukana ndi kutchula dzina la matenda usanayang'ane mwini wake.

Kutacha ndinawatulutsa azakhali pakhonde n'kuyang'ananso m'maso. Munalibe chikasu. Koma ululu unali utadutsa maola 6 ndipo thupi linali lotenthabe, zomwe zimasonyeza kuti sikungotsekeka kwa kanthawi, kathumba katupa. Nditawauza kuti ndikuganiza kuti ndi ndulu, nkhope yawo inasintha kuposa usiku uja.

"Ndulu? Wandithira ndani?"

Ndinali nditaiwala kuti kwathu mawu amenewa amayenda ndi ng'ona. Ukati ndulu, munthu amamva poizoni wa pa maliro kapena pa mowa. Si kwathu kokha: anthu 75 atamwalira ku Chitima m'chigawo cha Tete mu January 2015 atamwa mowa wa pa maliro, mphekesera yoyamba inali ya ndulu ya ng'ona, mpaka kafukufuku anadzapeza kuti inali poizoni ya tizilombo tomwe tinamera mu ufa. Zinanditengera nthawi, ndi chitsanzo cha nkhuku chija, kuti azakhali avomere kuti ndulu yake ndi yawo yomwe, yobadwa nayo, ndipo palibe mnansi woti amukwiyire. Mphindi zimenezo nazonso ndi mbali ya kuyeza. Ndikanangolemba pa pepala n'kuchoka, bwenzi pano pali mabanja awiri osalankhulana.

Tinapeza njinga yamoto. Ndinalemba zomwe ndinapeza pa pepala la m'kope, mopanda dzina la matenda, n'kupempha mwaulemu kuti amene akawaone akagwirenso yekha. Clinical officer amene tinamupeza anawerenga, anandiyang'ana, n'kuwagoneka azakhali pabedi. Mpweya unadukanso pomwe paja. Anawagoneka m'chipatala, anawapatsa madzi a m'mitsempha ndi maantibayotiki, ndipo sikani inaonetsa kathumba kokhuthala khoma, kodzaza miyala. Patapita miyezi, atadikira pa mndandanda, anawachotsa ndulu ku Blantyre. Miyalayo anawapatsa m'kabotolo, ndipo ili pa shelefu pafupi ndi Baibulo. Mlendo aliyense amaonetsedwa, afune asafune.

Nditapita komaliza ndinafunsa za omeprazole amene anatsala, chifukwa anali ndi mapaketi angapo. Anati anapatsa mnzawo wa kutsidya kwa mtsinje, amene amagulitsa naye limodzi pa msika.

"Nayenso ali ndi zilonda. Chaka chino n'chachitatu."

"Zimamupweteka pati, azakhali?"

Anaika dzanja pansi pa bere lamanja, kenako anaima, n'kundiyang'ana.

Ndawatumizira uthenga kuti mayiwo apite kuchipatala sabata ino, asadikire holide yanga, ndipo akafika akanene okha kuti: ndigonekeni pabedi, mundigwire apa.